Postdoc wa khansa ya m'magazi: pitani, koma funso lichokere kuno

Malo a postdoc, ntchito ya kafukufuku ya zaka zochepa imene munthu amagwira atamaliza PhD, pa za chitetezo cha m'thupi ndi khansa ya m'magazi amalengezedwa kawirikawiri, ndipo ambiri mwa iwo ali kutali: Boston, London, Heidelberg, Stockholm, Toronto, mwina Cape Town tikachita mwayi. Amafuna munthu wa digiri ya PhD, wodziwa kulera maselo m'labotale, wozolowera makina a flow cytometry (owerengera ndi kusiyanitsa maselo), amene dzina lake linatulukapo pa pepala la kafukufuku. Achinyamata a muno mu Zambia okwanitsa zimenezi alipo tsopano. Ndi ochepa, koma alipo, ndipo ine ndikuti apite. Amene amawanena kuti akuthawa dziko sanaimepo m'labotale magetsi atazima, jenereta ilibe dizilo, firiji yosunga magazi a odwala ikulira. Komabe kupita kulipo kuwiri. Wina amapita kukathandiza kuyankha funso la mwini labotale, n'kumaliza zaka zake ali katswiri wa matenda amene sadzawaona ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka. Wina amanyamula funso la m'mawodi athu n'kukabwereka makina a anthu ena kuti aliyankhe. Wachiwiriyu ndiye tikumusowa, ndipo kusowa kwake mlandu waukulu si wa achinyamatawo.

Kunyumba nkhani ya postdoc imavuta kufotokoza. Mtsikana wina amene ndimamudziwa ataitanidwa ku Ulaya, bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Mwanawe, sukulu yakoyi idzatha liti? Anzako unayamba nawo akumanga nyumba ku Chalala.” Iye anayankha kuti, “Si sukulu atate, ndi ntchito, amalipira pamwezi.” Mkuluyo sanakhutire: “Ntchito yanji ya zaka ziwiri zokha?” Bamboyo sanafunse zopusa. Postdoc ndi ganyu. Munda ndi wa wina, khasu ndi la wina, mbewu anasankha ndi mwini munda, ndipo nyengo ikatha umafunanso kwina. Phindu lake n'lakuti ndi pa zaka ziwiri kapena zinayi zimenezi pamene munthu amaphunzira zimene PhD siphunzitsa: kupempha ndalama za kafukufuku, kuyang'anira ophunzira, kudziwa nthawi yosiya njira imene yakanika. Malipiro akamveka m'makwacha amachititsa kaso. Mu 2024 NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo, linaika $61,008 pachaka ngati poyambira pa postdoc amene limamulipirira. Koma lendi ya ku Boston imadya gawo lalikulu, ndipo ku Britain munthu asanagwire n'komwe botolo la m'labotale amalipira viza ndi £1,035 pachaka ya zachipatala, mkazi kapena mwamuna wake n'kulipiridwanso payekha. Abale otsala ku Mtendere samva zimenezo. Iwo amangodziwa kuti mwana ali kunja.

Chimene chimandichititsa kuumirira pa funso lochokera kuno ndi mbiri ya phunziroli. Mu 1958 dokotala wa maopaleshoni a Denis Burkitt, ali ku Kampala, analemba za ana otupa nsagwada modabwitsa, chotupa chokula mwamsanga n'kupha mwana m'miyezi yochepa. Mu 1961 iwo ndi anzawo awiri anakwera galimoto yakale n'kuyenda mamailosi pafupifupi 10,000, kulowa chipatala ndi chipatala, kudutsanso m'dziko lino ndi ku Malawi pamene ankatchedwa Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Ankangofunsa madokotala ngati anaonapo ana otere. Atajambula mapu, zinaoneka kuti matendawa amakonda malo otentha, a mvula yambiri, otsika, ndipo amasowa m'mapiri ozizira. Mapu ake anali ofanana ndi a malungo.

Chaka chomwecho a Anthony Epstein anamvera a Burkitt akulankhula ku London, n'kupempha kuti azitumiziridwa timinofu ta zotupazo. Kwa zaka pafupifupi zitatu sanapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege yonyamula sampulo ina inapatutsidwira ku Manchester chifukwa cha nkhungu, sampuloyo inafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu. Aliyense akanaganiza kuti yawonongeka. Atayang'ana pa maikulosikopu anapeza kuti ndi maselo a khansa amoyo, oyandama okha, ndipo anawalera. Mu 1964 a Epstein, a Yvonne Barr ndi a Bert Achong analengeza za kachilombo kamene lero timati EBV (Epstein-Barr virus), koyamba kupezeka kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Mwana anali wa ku Uganda, dzina la kachilombo n'la ku London. Sindikunena izi mokwiya, chifukwa makina oonera kachilomboko ku Kampala kunalibe. Chondiwawa n'chakuti njira imeneyi sinasinthe kwenikweni. Maselo otchedwa Raji, ochokera kwa mnyamata wa ku Nigeria mu 1963, ndi otchedwa Daudi, ochokera kwa mnyamata wa ku Kenya mu 1967, akulimidwabe m'malabotale padziko lonse, ndipo mankhwala atsopano a lymphoma, khansa ya maselo a chitetezo monga ya Burkitt, amayesedwa pa iwo. Postdoc wathu akafika kunjako, tsiku lina adzatsegula firiji n'kutulutsa kabotolo kolembedwa Raji. Mankhwala amene adzayese pa maselowo mwina sadzafika ku Lusaka iye ali moyo.

Lero tikudziwa mmene khansa ya Burkitt imayambira. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, maselo ake oyera a mtundu wa B amakhala akugawikana usana ndi usiku kupanga chitetezo, pamene maselo a T, amene amalondera EBV kuti isachite mwano, amafooka. M'chipwirikiti chimenecho kachigawo ka DNA kotchedwa MYC kamaduka pa chromosome 8 n'kukamatika pa chromosome 14. Kachigawo kameneka ndi kamene kamalamula selo kuti ligawikane, ndipo kakafika pamalo atsopanowo sikalekanso kulamula. Chotupa chimatha kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye ganizirani mayi wa ku Chadiza amene wayamba wapita kokazula dzino la mwana, kenako kuchipatala cha boma, kenako ku Chipata, kenako makilomita oposa 550 pa Great East Road mpaka kutsikira pa Intercity ndi mwana kumsana, diso limodzi litatong'oka. M'mayiko olemera ana asanu ndi anayi mwa khumi odwala khansa imeneyi amachira. Koma n'chifukwa chiyani ana a m'mudzi umodzi, olumidwa ndi udzudzu umodzimodzi, okhala ndi EBV onse, wina amatupa ena ayi? Funso limeneli silinayankhidwe mokwanira, ndipo silingayankhidwe ndi mbewa za ku Heidelberg zokha.

Lusaka inachitapo kale kafukufuku wochokera m'mawodi ake. Mu 1983 a Anne Bayley, amene ankaphunzitsa maopaleshoni ku UTH, anaona kuti khansa ya Kaposi, imene ankaidziwa ngati matenda oyenda pang'onopang'ono m'miyendo ya azibambo, yayamba kubwera mwaukali mwa achinyamata n'kuwapha msanga. Analemba m'magazini ya The Lancet mu 1984, nthawi imene ambiri sankafuna kumva zakuti Edzi ili pakati pathu. Analibe makina odula. Anali ndi odwala, maso, ndi kaundula wosungidwa bwino. Kachilombo koyambitsa khansayo kanadzapezeka mu 1994 ku New York.

Mafunso otere adakali mbwee. Munthu amene ali ndi HIV amadwala lymphoma kwambiri kuposa amene alibe, ngakhale akumwa ma ARV, ndipo lymphoma imavala zovala za TB: mwanabele wotupa, thukuta usiku, kuwonda. Odwala ena amamwa mankhwala a TB miyezi ingapo asanadulidwe kamnofu kokayeza. Ku America khansa ya m'magazi yotchedwa myeloma imagwira anthu akuda kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu, ndipo gwero la kusiyanako liyenera kufufuzidwa kuno kumene makolo awo anachokera. Palinso nkhani imene ine imandisangalatsa kwambiri chifukwa ndi yaing'ono koma imakhudza wodwala mwachindunji. Anthu ambiri a kumwera kwa Sahara alibe kapuloteni kotchedwa Duffy pa maselo ofiira a magazi, zimene zimawateteza ku malungo a mtundu wa vivax. Anthu omwewo amakhala ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ocheperapo m'magazi, ali bwinobwino, osadwala. Koma manambala a m'mabuku onena kuti magazi abwino ndi otere anatengedwa makamaka kwa azungu. Dokotala akatsatira bukulo akhoza kuimitsa mankhwala a khansa poganiza kuti thupi lafooka, pamene munthuyo anabadwa choncho. Sabata imene wodwala wabwezedwa kunyumba, chotupa sichidikira. Anansi athu ku Lilongwe anasonyeza kuti kafukufuku wotere amatheka kwathu kuno: pa chipatala cha Kamuzu Central, mogwirizana ndi University of North Carolina, anayesa mankhwala a rituximab pa odwala lymphoma, ena a iwo ali ndi HIV, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021.

Choncho inu amene mukulemba makalata ofunsira malowa, musangoyang'ana dzina la yunivesite. Funsani mkulu wa labotaleyo musanasaine: kodi gawo lina la nthawi yanga ndingaligwiritse pa funso langa? Ndikamachoka, ntchito imene ndayambitsa ndinyamula kapena itsala? Amene anaphunzira kwa inu kale ali kuti lero? Ife tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa mafunso ambiri, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo kunjako amene safunsa amamuona ngati alibe maganizo akeake. Mkulu amene akwiya ndi mafunso amenewa wakuuzani kale mmene zaka zanu zidzakhalire. Ngati masampulo a odwala athu akutsatirani, dziwani kuti lamulo la National Health Research Act la 2013 limafuna chilolezo ndi pangano lolembedwa asanatuluke m'dziko. Ena amaliona ngati chopinga. Kwa inu ndi chishango, chifukwa m'pangano limenelo ndi mmene mumalembedwa kuti mwini masampulo ndani, otsala abwerera liti, ndipo mayina a anamwino ndi akatswiri a m'labotale a kuno aikidwa pati. Phunziraninso zimene mungabwere nazo. Njira yofuna makina amene dziko lonse la Zambia lilibe ndi yabwino pa pepala lanu, koma kusanthula deta pa kompyuta, kuwerenga timinofu, ndi kukonza mayeso a flow cytometry otsika mtengo ndi zimene zidzagwire ntchito ku sukulu ya zachipatala ya UNZA ku Ridgeway kapena ku Ndola.

Tsopano kwa otsala, amene ali ndi makiyi a ndalama. M'mayunivesite athu mpando wa postdoc kulibe kwenikweni. Munthu akabwera ndi PhD amapatsidwa kalasi ya ophunzira mazana, mapepala a mayeso odzaza katoni, makomiti atatu, mwina n'kumusankha kukhala mkulu wa dipatimenti asanatulutse pepala lake loyamba. Timati tamulemekeza. Zaka zisanu zikapita, luso lija lazirala, anzake kunja apita patsogolo, iye akuphunzitsa za maselo a T kuchokera m'manotsi. Amene walimbikirabe amakumana ndi zina. Mankhwala oyezera maselo amabwera m'kabokosi kozizira kamene kamapirira masiku owerengeka, ndipo kakakhala pa bwalo la ndege kudikira sitampu, ayezi amatha, ndalama zamadola n'kusanduka madzi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba, m'makomboni ambiri a Lusaka magetsi ankabwera maola ochepa patsiku, pamene firiji ya masampulo iyenera kukhala pa madigiri 80 pansi pa ziro osalekeza. Munthu woona zonsezi n'kubwerera ku Toronto sitingamutche wosakonda dziko. Mapangano omumanga kuti abwere akagwire zaka zakutizakuti amabweza thupi lokha.

Chonsecho sitikuyambira pa ziro. Nkhondo yolimbana ndi HIV inatisiyira akatswiri a m'labotale amene akhala akuwerenga CD4 kwa zaka zambiri, ndipo nzeru yowerengera CD4 ndi yomweyo imene imasiyanitsa mitundu ya leukemia, khansa ya maselo oyera a magazi: kumata chizindikiro chowala pa selo n'kulidutsitsa pa kuwala kwa laser. Makina ena a CD4 ndi ang'ono kwambiri pa ntchito imeneyi, zoona, koma manja ophunzira alipo. Makina a GeneXpert amene anafalitsidwa m'maboma chifukwa cha TB ali ndi kachipangizo kake koyezera BCR-ABL, chizindikiro cha leukemia ya mtundu wa CML, imene kuyambira 2001 imagonja ndi mapiritsi a imatinib. Tili ndi Cancer Diseases Hospital kuyambira 2007, ndi malo a kafukufuku monga TDRC ku Ndola kuyambira m'ma 1970, CIDRZ, Zambart, Macha. Chosowa ndi munthu wolipidwa kuti akhale pakati pa wodi ndi labotale, nthawi yake ili yotetezedwa.

Ena adzati ndalama zotere zilipo kale kwa azungu, ndipo n'zoona kuti zilipo. Bungwe la Wellcome la ku Britain lili ndi thandizo la zaka zisanu kwa ofufuza ongoyamba kumene, ndipo munthu akhoza kulitengera ku yunivesite ya kuno. Humboldt ya ku Germany, kudzera mu Georg Forster, imaitana ofufuza a m'mayiko osauka n'kuwathandizanso akamabwerera kwawo. Palinso mapulogalamu ena othandiza ofufuza: pali EDCTP, pali DELTAS Africa imene inayamba mu 2015. Funsirani zonsezi, musasiye ndi imodzi yomwe. Koma tikumbukire za FLAIR. Pulogalamu imeneyi, ya Royal Society ndi African Academy of Sciences, inkapatsa wofufuza wachinyamata mpaka £300,000 pa zaka ziwiri kuti akhazikitse labotale yake muno mu Africa. Inali ndendende chimene tikufunachi. Mu 2021 boma la Britain litadula thandizo lake la kunja, inathera pomwepo, ena atalemba kale anthu ntchito. Mu 2025 NIH nayo inasintha malamulo a ndalama zopita kwa ogwirizana nawo a kunja, mapulojekiti ambiri mu Africa n'kugwedezeka. Amene amavota ku London kapena ku Ohio alibe ngongole ndi mwana wa ku Chadiza.

Mtsutso wolemera kwambiri ndi uwu: dziko limene mu 2024 linagoneka odwala kolera mu Heroes Stadium lingawonongerenji ndalama pa maselo a B? Madzi abwino kaye, manetineti kaye, mankhwala m'makiliniki kaye. Sindikutsutsa dongosolo limenelo, ndipo ndikanapatsidwa kwacha imodzi yokha ikanapita ku madzi. Koma amene amafufuza chifukwa chake malungo amasokoneza maselo a B ndi yemweyo amene angatiuze ngati katemera wa malungo akugwira bwino mwa ana athu. Chitetezo cha m'thupi sichigawika m'madipatimenti monga bajeti. Komanso mankhwala a khansa ayamba kale kubwera. Zambia ili m'gulu la mayiko asanu ndi limodzi oyamba kulandira mankhwala a khansa ya ana kudzera mu mgwirizano wa WHO ndi chipatala cha St. Jude cha ku Memphis ku America, ndipo cholinga cha WHO n'chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa azichira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30. Mankhwala a leukemia ya mtundu wa ALL si a leukemia ya mtundu wa AML. Kupereka olakwika n'kupatsa mwana poizoni popanda phindu. Mphatsoyo ikufuna anthu odziwa kusiyanitsa, ndi ena otsatira odwalawo kuti tidziwe ngati mlingo wokonzedwera mwana wonenepa wa ku Memphis ukuyenera mwana woperewera zakudya, wa malungo, wokhala kutali ndi nkhokwe ya magazi.

Za kusowa kwa ndalama, boma lomweli mu 2022 linakweza ndalama za chitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, madera 156. Likafuna chinthu limapeza. Atsogoleri a mu Africa analonjezana kalekale kuti 1 peresenti ya chuma cha dziko izipita ku kafukufuku, ndipo lonjezolo limangowerengedwa m'misonkhano. South Africa, kudzera mu National Research Foundation, imalipira ma postdoc ndi ndalama zake, n'chifukwa chake ana athu ambiri amathera ku Cape Town ndi ku Durban.

India ndiyo iyenera kutichititsa manyazi abwino. Chithandizo cha CAR-T, chotenga maselo a T a wodwala, kuwasintha m'labotale kuti azisaka khansa, n'kuwabwezera m'thupi, chinavomerezedwa ku America mu 2017 pa mtengo wa $475,000. A Rahul Purwar anachita postdoc ku Harvard, n'kubwerera ku sukulu ya ukachenjede ya IIT Bombay kumene anapeza labotale, ophunzira, ndi madokotala a chipatala cha Tata Memorial okonzeka kugwira nawo ntchito. Mu 2023 India inavomereza CAR-T yakeyake, NexCAR19, pa mtengo wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndi ku India komweko kumene mabanja a kuno amapita atagulitsa mapuloti.

Sindikuti Lusaka iyambe ndi CAR-T. Pempho langa kwa Unduna wa Zaumoyo ndi wa Technology and Science ndi laling'ono moti likhoza kulowa mu bajeti ya chaka chamawa: mipando khumi ya postdoc pa zachitetezo cha m'thupi ndi matenda a magazi, ya zaka zitatu, yopikisanirana poyera, yolipidwa m'makwacha athu, yogawidwa pakati pa UNZA, Levy Mwanawasa Medical University, Copperbelt University ndi TDRC. Wopatsidwa mpandowo asaphunzitse kupitirira tsiku limodzi pa sabata, akhale ndi ndalama zogulira mankhwala oyezera zimene sizidutsa m'maofesi asanu, firiji yake ikhale pa sola, ndipo amangiriridwe ku wodi inayake kumene dokotala akumudikira ndi mafunso. A misonkho a ZRA nawo apatsidwe mndandanda wa malabotale ovomerezeka, kuti kabokosi kozizira kakatera pa Kenneth Kaunda International Airport m'mawa, kazigona mufiriji madzulo a tsiku lomwelo.